Phala Limene Linkasungunuka M'manja Mwanga

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi anga anandimangira kamtolo ka zovala kuti ndichoke pakhomo pawo. Mlandu wanga unali wa phala.

Tinkakhala ku Kitwe, m'komboni ya mgodi, nthawi ya nkhondo ija shuga atasowa m'masitolo. Atate ankagwira ntchito pansi, ya fosholo. Kwathu kwenikweni kunali ku Fort Jameson, koma ine kumeneko ndinkangokumva. Chimene ndinkadziwa chinali mizere ya tinyumba tofanana topakidwa laimu, malo a phoso kumene Amama ankakalandira ufa, nyemba ndi mtedza, ndiponso utsi wa ku ng'anjo ya mkuwa umene unkati ukatembenuka ndi mphepo, komboni yonse n'kuyamba kutsokomola. Panja tinkayankhula Chibemba ngati wina aliyense. Tikalowa m'nyumba, Chinyanja.

Ana tinali awiri, ine Velonika ndi mlongo wanga Damiyano, amene anali atangokwanitsa chaka. Pakati pathu panali Luka. Luka anamwalira asanayambe kuyenda, ndipo anaikidwa kumanda a komboni, pakati pa anthu amene Amama sankadziwa ngakhale chiyankhulo chawo. Dzina lake sitinkalitchula m'nyumba. Ndikulitchula pano chifukwa popanda ilo mukhoza kuwayesa ankhanza amayi anga, pamene sanali otero.

Damiyano anayamba kuonda. Thupi linkatentha lero, mawa n'kuzizira. Bere ankangoligwira n'kulisiya. Kusikelo nesi anauza Amama kuti azimuphikira phala lolimba lothira nsinjiro, ndipo azimupatsa pang'onopang'ono ndi supuni, osati ndi dzanja. Atate anagula supuniyo tsiku lomwelo, kakang'ono ka tiyi. Koma Amama supuni sinawalowe. Iwo anazolowera za kwathu: kumugoneka mwana pamiyendo, kukunga chikhatho pakamwa pake, kuthira, iye akati alire phala n'kutsika. Mbale inkatha mwana asanamalize kudandaula. Choncho m'mawa ankamudyetsa okha mwa njira yawoyo. Masana ankapita kudimba kuseri kwa komboni, ndipo chifukwa cha matendawo mwana sankamutenganso. Ankadikira kuti ndiweruke kusukulu ya asisitere, n'kundisiyira mwana, mbale ya phala ndi supuni.

Ntchito imeneyi ndinkaikonda. Ndinkakhala pamthunzi wa khoma, Damiyano ali pamiyendo, n'kuyamba kumunyengerera. Iye ankatseka pakamwa kuti ngwi. Ndiye ndinkaika supuni m'kamwa mwanga kaye, kunamizira kudya, n'kumati, "Ona, ine ndikudya, chikoma," kenako n'kuipititsa kwa iye. Akalandira, theka linkabwerera pachibwano, ine n'kulikokola ndi supuni, kulibwezera m'mbale, kutakasa, n'kuyambiranso. Zinkatenga nthawi. Mthunzi unkasuntha, ife n'kumasuntha nawo.

Ndiye apa ndi pamene panali chodabwitsa. Phala limene Amama analisiya lolimba, loti supuni ukaizika inkaima yokha, linkayamba kulefuka. Choyamba m'mbali mwa mbale munkatuluka timadzi. Kenako pakati pankafewa. Pofika nthawi imene lipenga la mgodi linkalira kuti a masana atuluke, chotsala m'mbalemo chinali chamadzimadzi ngati thobwa. Ine ndinkangoti ndi mmene phala limachitira.

Tsiku lina Amama anabwerako msanga. Anatula khasu, anatola mbale, anaipendeketsa. Phala linayenda.

"Wathiramo chiyani?"

"Palibe, Amama."

"Ndinalisiya supuni ikuima. Wadya lolimba, wathira madzi kuti mbale ioneke yodzaza."

Ndinakana. Mawa lake anabweranso msanga, ndipo anapeza zomwezo. Tsiku limenelo anandimenya ndi mthiko m'miyendo, koma za mthiko si zimene ndikukumbukira kwenikweni. Ndikukumbukira kuti atasiya kumenya anaima akupuma mwamphamvu, n'kunena motsitsa, osakuwa ayi: "Mtedza wonse wa phoso ndikusinjira iyeyu, ife tikudya ndiwo zopanda kanthu. Mwana uyu akafa, wamupha ndiwe."

Panali mayi wina wakwathu, amake Tereza, amene ankayembekezera kubwerera kumudzi mwezi ukatha. Amama anapangana nawo kuti anditenge, akandisiye kwa azakhali anga. Kumudziko kunalibe sukulu pafupi. Zimenezi ndinkazidziwa chifukwa ana a azakhaliwo palibe amene ankatha kulemba dzina lake. Ine ndinali nditayamba kuwerenga bwino, ndipo sisitere ankandiimika kutsogolo kuti ndiwerengere anzanga. Kamtolo kanga kanamangidwa n'kuikidwa pamwamba pa bokosi la Atate, poti ndikagona ndizikaona.

Atate anali munthu wosafulumira. Lamlungu titachokera ku Misa anakhala pampando wawo, nsapato za pansi atazianika pakhomo, n'kunena kuti, "Amake Velo, phikani phala lija. Lero ndikhala woweruza ndine."

Amama anaphika, anazika supuni, inaima. Atate anachotsa chidebe cha madzi pakhonde n'kukachiika m'nyumba. Kenako onse awiri anakhala pansi n'kumandiyang'ana m'manja. Ndinadyetsa mwana monga ndinkachitira masiku onse, osasintha kanthu. Timadzi tinayamba kutuluka m'mbali. Atate anasendera pafupi. Pamene Damiyano anakaniratu, iwo anaviika chala m'mbale, anachikweza, phala linadontha.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinati basi, aona okha, sindinabe. Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya Amama, ndipo chimene ndinaona chinandiumitsa thupi. Sanali okwiya. Ankandiyang'ana monga munthu amayang'anira njoka imene waipeza pamphasa ya mwana. Anadzuka pang'onopang'ono, anandichotsera Damiyano pamiyendo, n'kubwerera naye cham'mbuyo.

"Ndiye kuti si madzi," anatero.

Madzulo amenewo anandiitanira kuseri kwa nyumba. "Unadya kwa yani? Anakupatsa chiyani? Nyama? Usaope, ndiuze." Ndinali wamng'ono koma ndinamva. Kwathu amati ufiti mwana amapatsidwa m'chakudya, iye osadziwa, kenako zimene wagwira zimayamba kuwonongeka. Ndinatchula nyumba zonse zimene ndinadyako chikhalire, ndikulira. Amama anatenga kabotolo ka madzi odalitsidwa, anandilemba mtanda pamphumi. Kuyambira tsiku limenelo sanandilolenso kukhudza mwana. Kudimba anasiya kupita. Ndipo nkhani m'komboni siigona: patangopita masiku, ndikuyandikira pamene anzanga ankasewera phada, ndinamva mayi wa pamzere wathu akuitana mwana wake m'Chibemba, "Isa kuno, iwe," maso ali pa ine.

Ndinayamba kulakalaka nditakhalanso wakuba. Wakuba amamenyedwa n'kudya limodzi ndi anzake. Ine ndinkadyera pambale yangayanga, ndipo ndikatha ndinkayang'ana zikhatho zanga, kuzinunkhiza, kufuna kupeza pamene chinthucho chinkatulukira. Ndinkakhulupirira kuti chilipo. Ndinali nditachiona chikugwira ntchito ndi maso anga.

Atate anali ndi mnzawo wa nsolo, a Kamwendo, ochokera ku Nyasaland. Iwowa ankakhala kunyumba za makalaliki, ankapemphera ku mpingo wina osati wathu, ndipo ankagwira ntchito m'chipinda choyezera magazi ku chipatala cha mgodi, chimene ankachitcha labotale. Atate anawafotokozera nkhaniyi ali pansolo. A Kamwendo anati tibwere Loweruka masana, ntchito ikachepa, titenge mwana, supuni ndi phala, ndipo anati bwana wawo anawalola bola tisaswe kanthu.

Amama atamva anakana. Masiku amenewo anthu ankanong'onezana za banyama, anthu oti amagwira anzawo m'njira n'kuwapopa magazi, ndipo aliyense m'komboni ankaloza chipinda chimenecho kuti ndiko magaziwo amasungidwa. Munthu wanzeru ankachilambalala.

"Mukufuna ndipereke ana onse awiri?" anafunsa Amama.

"Mmodzi mwamupereka kale kwa amake Tereza," anatero Atate. "Ngati apite, apite titachokera kumeneko."

Tinapita. Amama anabereka Damiyano, anamanga chitenje kolimba, ndipo ankayenda kumbali ina ya Atate, ine kumbali ina.

Chipindacho chinali chaching'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Munali tebulo lalitali lotsamira zenera, mpopi wa madzi, mabotolo a mitundumitundu, ndi fungo la sipiriti lolasa m'mphuno. Pakona panali timabotolo tatitali ngati chala, titaimikidwa m'kathabwa koboola, ndipo mwa tina munalidi magazi. Amama anaima pakhomo, osalowa.

"Lowani, mayi," anatero a Kamwendo, atavala jasi loyera. "Amenewo eni ake ali moyo. Ali m'wodi umu akudandaula za nyemba."

Analowa, koma anaima poti chitseko chikhale pamsana pawo.

A Kamwendo anandikhazika pampando, n'kupempha kuti ndidyetse mwana monga ndinkachitira kunyumba. Amama anazengereza, kenako anamasula Damiyano n'kumugwira okha, ine ndikumudyetsa chapatali. Ndinaika supuni m'kamwa mwanga, ndinaipititsa kwa iye, ndinakokola pachibwano, ndinabwezera m'mbale. Ndisanapite patali a Kamwendo anati, "Basi, ndaona."

"Mwaona chiyani?" anafunsa Atate. "Zomwezo ndinaziona inenso."

"Inu anthu a pansi mumaona pokhapo paloza nyali, a Phiri."

"Nanga inu a Nyasa, oti fosholo mumaiona pachithunzi?"

A Kamwendo anaseka, manja ali pantchito. Anatapa phala kumbali imene supuni inali isanafike, analisungunula m'madzi ofunda, analisefa pakansalu, n'kutsala ndi madzi otuwa. Madziwo anawagawa m'timabotolo tija, totsuka. Kenako anatenga mbale yoyera yafulati n'kudonthezapo ayodini m'malo osiyanasiyana, timadontho tofiirira. Ayodini tonse tinkamudziwa; ndi amene ankapaka Atate akadzicheka ndi mwala. Anatenga kandodo kagalasi, anakaviika m'madzi a phala, n'kukhudza dontho limodzi. Pomwepo linada bii, ngati inki.

"Chadetsa apa ndi ufa," anatero. "Ufa ukakumana ndi ayodini umada chonchi, kaya ndi wa kuno kaya wa kwathu. Tsopano Velonika, lavulira umu."

Ndinayang'ana Atate. Ine ndinaleredwa kuti kulavula pamaso pa akulu ndi mwano, ndipo m'kamwa munali mutauma gwa ndi mantha.

"Ganiza za bwemba," anatero a Kamwendo.

Ndinaganiza za bwemba, malovu anabwera. Nditalavula, a Kamwendo anakhutchumula kabotoloko n'kundipatsa kuti ndikafumbate, kazimva kutentha kwa dzanja. Anapatsa Atate kena ka madzi a phala omwewo, koma kopanda malovu. Tinadikira. Kunja ngolo ya zakudya za odwala inadutsa ikulira mawilo. A Kamwendo anaviika kandodo m'kabotolo kanga n'kukhudza dontho lina: linada, koma mofiirira ngati nthudza. Anadikiranso, anakhudza lina: linangofiira pang'ono. Potsiriza anakhudza, ndipo ayodini anangokhala mmene analili. Ufa munalibe. Anayesa ka Atate kopanda malovu kaja: bii, monga poyamba.

Ndinamva Amama akukoka mpweya.

"Ndiye ndi zoona," anatero motsitsa. "Zili m'kamwa mwake."

Munthu amene Atate ankati atithandiza anali atangosonyeza poyera, pambale yoyera, kuti chinthu chija chilipodi, ndipo wapeza ndi pamene chimakhala. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja. Ndinkaopa kupuma kuti mpweya wanga ungamufike Damiyano.

Kuseka kunachoka pankhope ya a Kamwendo. Ndikuganiza kuti mpaka nthawi imeneyo ankayesa kuti ndi nkhani yoseketsa ya pansolo. "Ayi, mayi, sindinamalize," anatero. Anatenga kabotolo kena n'kulavuliramo okha. Anapatsa kena Atate, nawonso analavuliramo. Tinadikiranso, ndipo zonse zinayenda chimodzimodzi: kuda, kufiirira, kenako osasintha.

Amama anapukusa mutu. "Inu mumagwira ntchito muno, mankhwalawa ndi anu. Awa ndi atate ake, magazi ndi amodzi."

"Ndiye mwatsala inu."

"Malovu anga sindisiya m'nyumba ya eni."

Aliyense m'chipindamo ankadziwa chimene ankatanthauza. Malovu, tsitsi, zikhadabo, munthu sasiya paliponse, chifukwa woipa akazitola amakupeza nazo. A Kamwendo sanawatsutse. Anaganiza kaye, kenako anati, "Sankhani kabotolo nokha. Mukatsuke nokha pampopi apo. Ine sindikakhudza. Kandodo mugwire ndinu, ndipo tikatha, zimene zili m'katimo mutuluke nazo mukataye kumene mukufuna."

Atate sanawakakamize. Kenako Amama anapereka Damiyano kwa Atate, osati kwa ine, n'kupita pampopi. Anatsuka kabotoloko mobwerezabwereza ngati mphika wa alendo. Anathiramo madzi a phala, anatembenukira kukhoma, anadziphimba ndi nsonga ya chitenje, n'kulavula. Anakafumbata pachifuwa ndi manja onse awiri, milomo ikugwedera; ndinadziwa kuti akunena Tikuoneni Mariya.

Dontho loyamba linada. Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwawo munali mawu oti, waona? Lachiwiri linada mofiirira. Anapitiriza. Atafika poti ayodini sakusinthanso, sanasiye. Anakhudza dontho lina, ndi lina, mpaka madontho anatha pambale, n'kupempha kuti awonjezere. Anakweza kabotoloko kuzenera. Anakanunkhiza. Anali malovu awo, m'kabotolo kotsuka okha, kamene sikanachoke m'manja mwawo.

"Ufa wapita kuti?" anafunsa.

A Kamwendo anatenga kabotolo kanga kaja, anathiramo mankhwala obiriwira ngati thambo, amene anati amayezera mkodzo wa odwala shuga, n'kukatenthetsa pakanyale ka sipiriti. Madziwo anabwata, anasanduka ngati msipu, kenako achikasu, kenako anafiira psuu ngati njerwa yootcha. Kopanda malovu kaja atakatenthetsa sikanasinthe.

"Sunapite kulikonse," anatero. "Wasanduka shuga. M'malovu a munthu aliyense Mulungu anaikamo kanthu kamene kamayamba kuphwanya ufa usanafike m'mimba. N'chifukwa chake chinangwa ukachitafuna nthawi yaitali chimayamba kutsekemera. Mwaona mmene anzathu a kuno amaponyera mizu ya munkoyo m'phala lolimba, ilo n'kusungunuka? Ntchito yake ndi yomweyo. Supuni ikamachoka m'kamwa n'kubwerera m'mbale, imanyamula malovu, a mtsikanayu ndi a khandali. Inu mukamadyetsa ndi dzanja, mbale imatha zisanayambe."

"Ndiye tikuvutikiranji kusaka shuga m'masitolo?" anatero Atate. "Amake Velo, tiyeni titsegule sitolo yathu."

Palibe amene anaseka. Amama anali akuyang'anabe pambale paja.

"Ndiye kuti palibe amene wachita kanthu."

"Palibe, mayi."

Ine ndinkadikira kuti asangalale. Ndinkaganiza kuti atembenuka, andikumbatire, mwina alire pang'ono monga amachitira amayi a m'nkhani za asisitere. Koma nkhope yawo inali ya munthu amene walandidwa katundu panjira. Anakhala pansi, pasimenti ya chipinda chimene ankachilambalala chija, kabotolo kali m'manja.

"Nanga mwana wanga akuonderanji?"

Mawu amenewo sanawanene kwa a Kamwendo, kapena kwa Atate. Anangowatulutsa. Ndipo ine, ndili pampando paja, ndinazizidwa kuposa tsiku la mthiko, chifukwa ndinaona chinthu chimene mwana sayenera kuona msanga: kuti amayi anga sankadziwa. Masiku onse aja ndinkayesa kuti akudziwa chimene chikudya Damiyano ndipo chinthucho ndine. Tsopano ndinali nditachotsedwapo, ndipo pamalo pangapo panalibe kanthu. Panali Luka yekha.

A Kamwendo anagwada kuti alingane nawo. "Timabotoloti tayankha za phala zokha," anatero. "Za mwana tiyenera kufunsa magazi ake. Kadontho kamodzi, pachala."

Amama anayang'ana pakona paja panali magazi a eni. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka, anatenga Damiyano kwa Atate, anatambasula kachala kake n'kukagwira okha. Mwana analira pang'ono. A Kamwendo anapaka magaziwo pakagalasi, anawathira mankhwala, anadikira kuti aume, n'kuwerama pamakina awo oonera tizilombo. Atadzuka anati ndi malungo, okhalitsa, ndipo anatitengera kwa dokotala tsiku lomwelo. Damiyano anayamba kumwa kwinini. Sanachire msanga, koma anachira. Lero ali ku Ndola, ali ndi ndevu, ndipo akabwera kudzationa ndimaphika ngati kukubwera anthu atatu.

Pobwerera kunyumba tinadutsa njira ya pakati pa zulu zikuluzikulu zija za kuno. Amama anali atathira za m'kabotolo mwawo m'mbale ya phala, ndipo titafika pachulu china anapatuka, anakhuthula, anakwirira ndi phazi. Atabwerera panjira anaima patsogolo panga. Sanandiyang'ane m'maso. Analavula pansi, pambali pa mapazi anga, monga amachitira akulu akafuna kubweza mawu oipa amene anatuluka.

"Mawu aja ndalavula," anatero. "Asakutsate."

Kenako anamasula chitenje, anatsitsa Damiyano, n'kundiuza kuti nditembenuke. Anamuika pamsana panga, anamanga okha mfundo pachifuwa panga, anaikoka kuti aone ngati yalimba. Tinalowa m'komboni chomwecho, ine patsogolo ndi mwana kumsana, iwo pambuyo, ndipo sanadutse njira yachidule ya kuseri. Anadutsa pakati pa mzere wathu, pamene amayi onse anali panja akusankha ndiwo, n'kumapereka moni khomo ndi khomo, "Mwapoleni mukwai," pang'onopang'ono, kuti aliyense aone bwino.

Pepani sananene, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Kamtolo kaja ndinakapeza katamasulidwa, madiresi anga atapachikidwa pachingwe. Amake Tereza atabwera kudzafunsa za ulendo, ndinamva Amama akuyankha pakhomo, "Sapita. Ali ndi sukulu."

Sukuluyo ndinapitiriza mpaka ku koleji ya aphunzitsi. Kumeneko ndinakumananso ndi mbale yoyera ndi ayodini, ndipo kanthu ka m'malovu kaja ndinauzidwa dzina lake, tayalini, ndi kuti ndi kamodzi mwa timichere tambiri timene timagaya chakudya m'thupi, kena m'kamwa, tina m'matumbo. Anzanga ankanyansidwa kulavulira m'kabotolo, ankaseka, ankabisa nkhope. Ine ndinapempha kutuluka panja, chifukwa fungo la sipiriti linandibwezera pampando uja. Mayeso ndinakhoza bwino. Satifiketi ndili nayo, ili m'sutikesi pansi pa bedi kuno ku Buchi, m'Kitwe momwemuno.

Koma ndinene zoona, poti ndayamba kale. Ndili ndi mwana tsopano, woyamba, Rozina, ndipo mwezi uno wayamba kukana phala. Ndikudziwa zonse zimene buku limanena. Ndikudziwa kuti mwina ndi mano. Komabe akatembenuza mutu n'kutseka pakamwa, maso anga amayamba okha kuyendayenda m'nyumba. Amagwera pa bambo ake, amene anabwera ndi chifuwa kuchokera kuntchito. Amagwera pa apongozi anga, amene anamumwetsa madzi a pamtsuko ine ndili kumsika. Dzana ndinadzimva ndikufunsa apongoziwo kuti, "Munamupatsa chiyani?" ndipo mawuwo anatuluka motsitsa, osakuwa, m'kamvekedwe kamene ndinakazindikira nthawi yomweyo. Ndinachita kukhala pansi.

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti chimene chinkawasowa Amama chinali maphunziro, kuti akanadziwa za malovu sakanandichita zimene anandichita. Tsopano ndikuona kuti si choncho. Mayi amene mwana wake akufota sangathe kukhala ndi mantha opanda nkhope. Matenda sungawamenye ndi mthiko, sungawakweze lole kuti apite kumudzi. Munthu ungathe. Ndiye mantha amasaka munthu, ndipo amene amamupeza ndi wapafupi, amene amakukonda, amene sangathawe. Zimenezi koleji sinandichotsere.

Chimene chimandigwira dzanja si dzina la tayalini. Ndi Amama atatembenukira kukhoma m'chipinda chimene ankachiopa kuposa manda, akulavulira m'kabotolo, akudziwa kuti chikatuluka chikhoza kuwatsutsa iwo eni pamaso pa mwamuna wawo, mlendo ndi mwana. Akanatha kukana. Akanatuluka, n'kunditumiza, ndipo komboni yonse ikanawavomereza. Ine ndi satifiketi yangayi sindikudziwa ngati ndikanalavula.

Choncho mawu oti "ndiwe" akafika pakhosi, ndimayesa kuwagwira kaye, n'kudzifunsa ngati ndingalole kuti zanganso ziikidwe pambale yomweyo. Kawirikawiri sindifuna. Ndiye ndimatseka pakamwa, ndimabereka Rozina, n'kupita naye kusikelo kukafunsa za mwanayo.